Nanga ana osamva?

Inu olemba nkhaniyi, mwati matabuleti a sola akuthandiza mwana aliyense kuphunzira, koma ana osamva, a vuto la makutu, mwawaiwala. Mwana wa achemwali anga kuno ku Ngabu samva bwino, anzake akavala mahedifoni iye amangoyang'ana zithunzi basi, mawu onse amangomudutsa. Chatithandiza ndi kafoni kanga, madzulo timakhala pamkeka kumuonetsa mavidiyo a chinenero cha manja, pano akulemba dzina lake pamchenga ndi chala, tsiku loyamba mayi ake misozi mbwee. Vuto bandulo, komanso kutentha kwa Okutobala foni imachita kuzima yokha. Chonde aphunzitsi ophunzira ku Montfort, koleji yosula aphunzitsi a ana olumala, atumizidwe ambiri kuno kuchigwa, azikhala pambali pa mwanayo akamagwira tabuleti. Anzathu aku Nsanje, kwanuko zikuyenda bwanji?