Fayilo yotsegulidwa mu subprocedure, aitseke ndani?

Anzanga olemba mapulogalamu m'chilankhulo cha RPG pa makina a IBM i kuno ku Johannesburg, makamaka inu a m'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi, tileke kudalira *INLR (chizindikiro chimene timayatsa kuti pulogalamu ithe n'kutseka mafayilo ake) ngati tsache losesa zonse. Mu service program (mulu wa ma procedure oitanidwa ndi mapulogalamu ena) ya NOMAIN, kutanthauza yopanda main procedure, mulibe RPG cycle imene imatseka mafayilo *INLR ikayatsidwa, ndiye palibe chimene chidzakutsekereni fayilo. Imakhala chitsegukire mpaka activation group (gulu la m'kati mwa job limene pulogalamu ikuyenderamo) itatha, ndipo pa job zogwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza ngati QZDASOINIT (job yotumikira olumikizana ndi database), nthawi imeneyo imatalika.

Kuyambira version V6R1 ya IBM i, mu 2008, fayilo tingathe kuilengeza m'kati mwa subprocedure. Popanda STATIC (keyword yoisiya yotsegula procedure ikatha) imatseguka poitanidwa, n'kutsekeka potuluka. Zaukhondo ndithu, koma kutsegula fayilo n'kodula: procedure yoitanidwa pa rekodi iliyonse ya batch yausiku imathera nthawi pa OPEN ndi CLOSE. Ndiye munthu amaikapo STATIC, liwiro n'kubwerera, koma vuto lina n'kuyamba. Fayilo imeneyo amaiona ndi procedure yokhayo. CLOSE *ALL saikhudza, amatseka mafayilo a global okha. RCLRSC, lamulo lotseka mafayilo otsala, nayenso safika ku activation group yokhala ndi dzina.

Zotsatira zake zimaoneka mochedwa. CLRPFM, lamulo lofafaniza deta ya m'fayilo, imakana chifukwa wina wagwirabe member (gawo la fayilo losunga detayo). Choopsa kwambiri ndi ichi: mukasintha library list (mndandanda wa malo amene job imafufuzamo fayilo) kapena kupanga OVRDBF (kulozera pulogalamu ku fayilo ina) fayilo ili kale yotsegula, pulogalamu imangopitiriza kuwerenga fayilo yakale ija, mwakachetechete, popanda uthenga wa vuto. Deta ya kasitomala wina ikhoza kupita kwa mnzake.

Ine ndimaima apa: fayilo ikhale ya global mu module, ndi USROPN, kuti muziitsegula nokha. Procedure iliyonse iyambe ndi kufunsa %OPEN ngati fayiloyo ili yotsegula, itsegule pokhapokha ili yotseka. Mukapanda kufunsa mulandira status 01215, yonena kuti fayilo ndi yotsegula kale. Kenako lembani procedure imodzi ya EXPORT yongotseka, muli CLOSE *ALL basi, ndipo pulogalamu yoitana iziitana isanayatse *INLR komanso isanasinthe library list. Amene mukukakamira STATIC, onjezani parameter ya *NOPASS (yosakakamiza) youza procedure kuti itseke, muziyang'ana %PARMS kuti mudziwe ngati yaperekedwa. Njirayi imagwira ntchito, koma imaipitsa prototype.

Ngati procedure iyenera kutseka yokha nthawi zonse, CLOSE ikhale mu ON-EXIT, gawo loyenda procedure ikamatha, imene ilipo kuyambira IBM i 7.2 ndi 7.3 mukaika ma PTF ake (zokonza zochokera ku IBM). Imayenda ngakhale procedure itagwa pakati.

Musaiwalenso loko wa rekodi: CHAIN (kuwerenga rekodi imodzi) pa fayilo ya update, opanda UPDATE kapena UNLOCK pambuyo pake, amasiya rekodi yomangika mpaka mutawerenga ina. Ngati mukungowerenga, lembani CHAIN(N) kuti isamange rekodi.

RCLACTGRP, lamulo lofafaniza activation group yonse, ndimaisiyira poyesa pulogalamu, osati pa makina amene anthu akugwirirapo ntchito, chifukwa pulogalamu imene idakali ndi pointer yolozera m'gulu lofafanizidwalo imagwa ikaitananso. Musanapereke code yanu kuti ikayambe kugwiritsidwa ntchito, itanani procedure yanu kangapo, lowani WRKJOB, sankhani 14, muwerenge mafayilo amene atsala otsegula.