Anyamata, lekani kuphimba ululu ndi chamba

Inu okankha wilibala pa msika wa Soweto mu Lusaka ndi inu onyamula mabuloko ku Chalala, zija mumauzana zoti "thupi limapanga lokha chamba, kusuta n'kungowonjezera" zikupwetekani. Nkhaniyi munaimva theka.

N'zoona kuti thupi lili ndi timadzi take tochepetsa ululu. Tina mwa timadziti, totchedwa anandamide, tinapezeka mu 1992 mu labotale ya wasayansi Raphael Mechoulam ku Jerusalem, ndipo tina, totchedwa 2-AG, mu 1995. Koma thupi silisunga timadziti. Mukadziphwanya chala ndi hamala, minyewa imatumiza uthenga wa ululu kudzera mumsana kupita ku ubongo. Uthengawo ukachuluka, selo (kachigawo kakang'ono ka minyewa) lolandira limapanga timadziti pompopompo n'kutibweza kwa selo lotumiza. Kumeneko timamatirira pa tolandirira totchedwa CB1, ndipo selolo limachepetsa kutumiza. Posakhalitsa ma enzyme (mankhwala a m'thupi ophwanya zinthu) otchedwa FAAH ndi MAGL amatiphwanya, ntchito yatha.

THC, yomwe ndi mankhwala oledzeretsa a m'chamba, ilibe ulemu umenewo. Imadzaza CB1 muubongo monse kwa maola angapo, ngakhale mbali za kukumbukira ndi kuganiza, ngati kukhuthulira paketi yonse ya mchere mu ndiwo zofuna kamchere kotsina. Mukamasuta tsiku ndi tsiku, ubongo umachepetsa ma CB1 ake. N'chifukwa chake ndudu imodzi siikukwaniraninso, ndipo timadzi ta thupi lanu timasowa pomatirira. Mukasiya, tulo timavuta, mtima umapsa msanga, chakudya sichikoma, kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Pirirani, ma CB1 amabwerera mwakale pakatha pafupifupi masabata anayi.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mukuphimba matenda. Msana wowawa limodzi ndi thukuta la usiku, kuwonda kapena dzanzi m'miyendo ukhoza kukhala TB ya msana, ndipo imapuwalitsa munthu akachedwa. Umenewo ndi wa ku kiliniki lero lomwe, ana anga.

Ululu wa kutopa wamba, imwani panado: wamkulu mapiritsi awiri a 500 mg, pakadutse maola 6, osapitirira 8 pa tsiku, osaphatikiza ndi kachasu, chifukwa chiwindi chimawonongeka. Okhala pansi tsiku lonse, monga madalaivala a minibasi, yendani mwandawala mphindi 30, anandamide ikhoza kukwera m'magazi.

Chamba chosuta n'choletsedwabe mu Zambia, a DEC (bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo) akakupezani nacho amamanga. Amene walephera kusiya yekha, kapena wayamba kumva mawu omwe anzake sakumva, achibale mutengereni ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama msanga, musayambe mwam'mangirira m'nyumba.