Mamiligalamu okha sakwanira

Ambirife tikalandira mankhwala timangoyang'ana dzina ndi mamiligalamu pa paketi, basi mtima m'malo. Ine ndimati pamenepo tangoona mbali imodzi. Piritsi likafika m'mimba liyenera kusungunuka kaye, apo ayi silingalowe m'magazi. Ndipo kusungunukako kumatengera momwe mamolekyu ake (tizidutswa ting'onoting'ono tomwe timapanga mankhwalawo) anadzisanjira pouma.

Mankhwala amodzimodzi, osasintha ngakhale atomu imodzi, amatha kuuma m'masanjidwe awiri kapena kuposerapo. Akatswiri amati polymorphism. Zili ngati njerwa: zongounjika ngakhale mwana amagumula, koma zomanga bwino zimafuna nyundo. Mamolekyu akagwirana zolimba, madzi amavutika kuwalekanitsa, ndiye mankhwala amasungunuka mochedwa.

Amene akuyesa kuti izi ndi za m'kalasi chabe amve za ritonavir. Kampani ya Abbott ya ku America inayamba kugulitsa mankhwala a HIV amenewa mu 1996, pa dzina loti Norvir. Pofika 1998 makapisozi ena anayamba kulephera mayeso a kasungunukidwe. Atawaunika bwino anapezamo ritonavir yemweyo atauma m'masanjidwe atsopano, timakristalo tosongoka tomwe panalibe anali atationapo, tovuta kusungunuka kuposa mtundu woyamba. Chimene chimandidabwitsa ine ndi chakuti mtundu watsopanowu utangolowa m'fakitale, wakale uja unayamba kukana kupangika. Kachidutswa kochepetsetsa ka mtundu watsopanowu kankakwanira kukoka mamolekyu ena onse kuti asanjike mwatsopano. Makapisozi anachotsedwa pamsika, odwala n'kuyamba kumwa ritonavir wamadzi, wowawa koopsa, mpaka 1999 pomwe makapisozi atsopano anatuluka. Tangoganizani, kampani yaikulu ngati imeneyo, ya akatswiri okhaokha!

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu odandaula kuti mabungwe oyang'anira mankhwala amachedwetsa zinthu ndi mayeso. Kuyeza kuti m'piritsi muli mamiligalamu 200 n'kosavuta. Funso lenileni n'lakuti mwa 200 amenewo, angati asungunuke nthawi yoikika isanathe.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Carbamazepine, mankhwala a khunyu, akamwa chinyezi amasintha masanjidwe, piritsi n'kuuma gwa, kusungunuka kwake n'kutsika. Kwa munthu wakhunyu zimenezo zikhoza kubweretsanso kugwa. Choncho mawu aja oti "sungani pamalo ouma" sanalembedwe ngati maluwa. Mapiritsi musamawatulutse m'chikutiro chake n'kuwasunga pa kapepala, ndipo kathumba koyamwa chinyezi kaja kamene kamakhala m'botolo musamakataye mankhwala asanathe.