Danny Cowley ndi ntchito imene sionekera pa kanema

Ambiri mwa ife timaudziwa mpira wa ku England kudzera mu Premier League basi, koma pansi pa matimu 20 amene timawaonera Loweruka lililonse pali maligi ambiri otsatizana, ndipo m'menemo muli aphunzitsi amene amagwira ntchito yolemetsa popanda wowatchula. Mmodzi mwa iwo ndi Danny Cowley, ndipo maganizo anga ndi akuti anthu amamulakwira akamamuyeza ndi funso lakuti anafika mu Premier League kapena ayi.

Cowley anali mphunzitsi wa masewero olimbitsa thupi pa sukulu ina ya sekondale m'chigawo cha Essex. Mu 2007 anayamba kugwira ntchito ku Concord Rangers, timu ya pa Canvey Island imene panthawiyo inali mu ligi yachisanu ndi chinayi kuwerengera kuchokera pamwamba. Masana ankaphunzitsa ana asukulu, madzulo n'kukakumana ndi osewera amene nawonso anali ataweruka ku ntchito zawo, ndipo m'zaka 8 timuyo inakwera katatu mpaka kufika mu ligi yachisanu ndi chimodzi. Mu 2015 anapita ku Braintree Town, timu inanso ya osewera oyendera ntchito zina, n'kuimalizitsa pa nambala 3 mu National League, ligi yachisanu, patsogolo pa matimu angapo amene osewera ake ankadyera mpira wokha. Mng'ono wake Nicky wakhala womuthandiza kulikonse kumene wapita.

Mu May 2016 abale awiriwa anasiya uphunzitsi wa kusukulu n'kupita ku Lincoln City, timu imene inali itatuluka mu Football League (maligi atatu a pansi pa Premier League) mu 2011 ndipo inkalephera kubwerera. Zimene zinachitika mu chikho cha FA chaka chotsatira n'zimene anthu amakumbukira. Mu January 2017 anatulutsa Ipswich Town ndi chigoli cha Nathan Arnold cha m'mphindi zowonjezera, patangopita masiku ochepa chimwalirireni Graham Taylor, amene anapambanitsapo Lincoln ligi mu 1976. Kenako anagonjetsa Brighton 3-1. Pa 18 February anapita ku Turf Moor kukakumana ndi Burnley ya mu Premier League, ndipo pa mphindi ya 89 kunabwera kona: Luke Waterfall anaubweza mpira ndi mutu kudutsa pakamwa pa golo, Sean Raggett anaugunda ndi mutu, goloboyi Tom Heaton anaukankha koma unali utadutsa kale mzere, ndipo makina oonera mzere anatsimikiza chigolicho. Lincoln inakhala timu yoyamba ya m'maligi a pansi pa Football League kufika ndime ya matimu 8 kuchokera mu 1914. Ochemerera Arsenal kwathu kuno akukumbukira kuti ulendowo unathera ku Emirates ndi zigoli 5 kwa 0, koma n'zosayenera kuiwala kuti Lincoln inalimba mpaka chakumapeto kwenikweni kwa chigawo choyamba.

Kwa ine chachikulu si masewero a ku Burnley, chifukwa tsiku limodzi la mwayi lingagwere timu iliyonse. Chachikulu n'chakuti chikhocho sichinawasokoneze mu ligi: anatenga National League chaka chomwecho, mu 2018 anagonjetsa Shrewsbury Town 1-0 ku Wembley n'kutenga chikho cha EFL Trophy, ndipo mu 2019 anakhala akatswiri a League Two, ligi yachinayi. Ndalama zimene chikho cha FA chinabweretsa zinathandiza timuyo kumanga malo akeake ochitira masewero okonzekera, chinthu chimene inalibe pamene Cowley ankafika, ndipo bwalo la Sincil Bank limene linkakhala ndi mipando yambiri yopanda anthu linayamba kudzaza. Malo okonzekerawo akugwirabe ntchito lero ngakhale kuti Cowley anachoka kalekale.

Ena amanena kuti mpira wake unali wosakoma, wodalira makona, mipira yaitali ndi mutu wa Matt Rhead kutsogolo. Sindikukana kuti ankasewera motero, koma amene amanyoza kaseweredweka saganizira zimene mphunzitsi wa m'maligi apansi amakhala nazo m'manja. Alibe ndalama zogulira wosewera amene akumufuna, osewera ambiri amakhala pa mgwirizano wa chaka chimodzi kapena ziwiri, ena ndi obwereka amene eni ake angawaitanitse pakati pa mpikisano, ndipo m'nyengo yozizira mabwalo ena amasanduka matope. Pa masewero 46 a ligi, kuphunzira bwino kumene wopikisana naye amafooka pa kona ndi nzeru, ndipo abale awiriwa ankadziwika ndi kukhala maola ambiri akuunika makanema a matimu anzawo.

Chimene chimandiwawa ndi nkhani ya ku Huddersfield Town. Cowley anafika mu September 2019 n'kupeza timu yongotuluka kumene mu Premier League, yokhala ndi pointi imodzi pa masewero 6, yopita kukagweranso pansi. Anaipulumutsa. Pa 17 July 2020 anagonjetsa West Bromwich Albion 2-1, chipambano chimene chinachotsa mantha otuluka mu Championship, ligi yachiwiri, ndipo patangopita masiku awiri anamuchotsa ntchito chifukwa eni timu ankafuna kaseweredwe kena. Eni timu ali ndi ufulu wosankha njira yawo, koma ankadziwa bwino lomwe mpira wa munthuyu pamene ankamulemba ntchito, ndipo sanamupatse mpata ngakhale umodzi wokonza timu yakeyake mpikisano usanayambe. Kunena lero kuti analephera mu Championship n'kupotoza zimene zinachitika.

Za ku Portsmouth sindingazibise. Anakhalako kuyambira March 2021 mpaka January 2023 osaikweza timuyo, ndipo John Mousinho amene anamulowa m'malo anatenga League One, ligi yachitatu, mu 2024. Pamenepo omudzudzula ali ndi poimira, ngakhale kuti aphunzitsi ena anali atakanikanso ntchito yomweyo iye asanafike.

Mu January 2024 anavomera kubwerera kwawo ku Essex kukatenga Colchester United, imene inali pafupi kutuluka mu League Two. Munthu amene anafikapo pa Emirates ndi pa Wembley akanatha kudikira timu ya dzina lalikulu, koma anasankha ntchito yofanana ndi imene anayambira: timu ya ndalama zochepa ndi osewera ofooka mtima. Anaipulumutsa chaka chimenecho, ndipo mpikisano wotsatira anaimalizitsa m'chigawo chapamwamba cha ligi. Ndikanakonda kuti eni timu onse amene amamulemba ntchito azimupatsa zaka zitatu zimene Lincoln inamupatsa asanagamule za iye.