Musamanene kuti pano panalibe kanthu

Loweruka lapitali mnyamata wina anandiyankha mawu amene mpaka lero akundibaya mumtima, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuwatulutsa pano ndidwala nawo. Ndinanyamuka ku Ulongué m'bandakucha pa shapa, minibasi yonyamula anthu, pamodzi ndi mdzukulu wanga wa zaka 14 kukazonda wodwala mumzinda wa Tete, ndipo ndinali nditamulonjeza mwanayo kuti tikachoka kwa wodwalayo ndikamuonetsa khonde limene malemu bambo anga anasokerapo zovala kwa zaka zoposa khumi, kumunsi kwa mzinda, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi. Titafika pamalopo tinapeza atazinga mpanda wa malata. Nditasuzumira pampata ndinaona mulu wa miyala ndi njerwa, zitseko ziwiri zamatabwa zitagonekedwa pafumbi, ndi anyamata akupakira zogumukazo m'lole. Ndinapereka moni kwa amene ankaoneka kuti ndi kapitawo, ndipo ndinamufunsa mwaulemu ngati akudziwa kuti nyumba imene agwetsayo inali ya chiyani. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kundiyankha m'chinenero chathu chomwechi, poti nayenso ndi mwana wa kwathu ku Angónia, kuti: "Madala, mukudandaula chiyani? Pano panalibe kanthu. Tete wayamba ndi malasha."

Panalibe kanthu! Mwana wobadwa dzulodzuloli akundiuza ine, pamaso pa mdzukulu wanga, kuti pamalo pamene panachokera nsima imene inandilera panalibe kanthu. Kugwetsa nyumbayo kwandipweteka, koma mawu amenewa andipweteka koposa, chifukwa nyumba ikhoza kugwa ndi mvula kapena chiswe popanda wolakwa, pamene kunena kuti sinakhaleko n'kufafaniza dala anthu onse amene anakhetsera thukuta lawo pamenepo.

Ndikuuzeni chimene chinalipo, popeza inu mukuti panalibe kanthu. Panali sitolo ya mmwenye, imene ife tinkaitcha kantina monga tinkatchulira masitolo onse a nthawi imeneyo, ya zipupa zochindikala moti ukalowamo masana, dzuwa la ku Tete likuswa mtengo panja, thupi linkamva kuzizira ngati walowa m'phanga. Kauntala yake inali ya thabwa limodzi lalikulu lomwe linada ndi zigongono za anthu, ndipo m'mphepete mwake anakhomeramo ndodo yoyezera nsalu. Fungo la m'menemo ndikulimvabe: palafini, mchere wa m'matumba, sopo wamtanda amene ankadula ndi mpeni malinga ndi ndalama imene uli nayo, ndi kapulana, chitenje chathu, watsopano wosachapa. Shuga ankayeza pasikelo ya miyala yachitsulo n'kukulungira m'pepala. Pansi pa kauntalayo pankakhala buku la ngongole lachikuto chakuda, ndipo m'buku limenelo munali mayina a theka la anthu a m'dera lonselo. Mayi akagula nsalu mkatimo ankangotuluka masitepe atatu n'kuipereka kwa bambo anga pakhonde, iwo n'kumuyeza ndi tepi imene sinkachoka m'khosi mwawo, n'kulemba ndi choko pansalupo, kenako phazi n'kuyamba kupalasa makina a Singer. Ine ntchito yanga inali kutola zidutswa za nsalu, kulowetsa ulusi pasingano madzulo maso awo akatopa, ndi kuika makala m'simbi. Kodi zimenezi ndiye kanthu kopanda dzina?

Kantina imeneyo inalinso positi ofesi yathu ife anthu a kumapiri. Munthu wa ku Angónia, wa ku Tsangano kapena wa ku Furancungo akafika mumzinda wa eni ake olankhula Chinyungwe, wosadziwa kolowera, ankamuuza kuti apite pakhonde la telala, ndipo pamenepo ankapeza womulankhula chakwawo, womuuza kumene kukufunika wantchito ndi komwe angagone usiku umenewo. Makalata opita kumudzi ankasiyidwa m'kabati ya makina a bambo anga kudikira dalaivala wopita kumtunda. Uthenga wa maliro unkafikira pamenepo. Amuna obwerera kuchokera ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni ankatsitsira masutikesi awo pamenepo n'kusoketsa madiresi a akazi awo asanakwere ulendo wotsiriza wopita kwawo. Chapafupi panali padariya ya uvuni wa nkhuni, imene inkatidzutsa ndi fungo la buledi tambala asanalire kachiwiri. Kuseri kunali mkulu wina wokhoma zitini amene ankapanga zidebe, mafanelo ndi nyali za koloboyi, ndipo phokoso la nyundo yake linali wotchi ya msewu wonse. Patsinde pa mtengo panali wometa, ndipo amayi ankayala masau, malambe ndi nsomba zouma za mchere pamphasa. Anthu onsewa anali ndi mayina, anali ndi ana, ndipo zidzukulu zawo ndi zimene lero zikuyendetsa magalimoto a kumigodi.

Ine ndinafika mumzindawu mu 1970 ndili ndi zaka 8, ndipo ndinaoloka Zambezi pa pantoni kuchokera tsidya la Matundo nditagwira siketi ya mayi anga ndi manja onse awiri chifukwa cha mantha, poti kwathu kunalibe madzi otambalala chotero. Mlatho umene lero umatchedwa Samora Machel ndinauona ndi maso angawa ukumangidwa mpaka kutsegulidwa mu 1973. Ndinaona malole akudutsa ndi katundu wopita ku Songo kumene ankamanga damu la Cahora Bassa, ntchito imene inayamba mu 1969. Ndiye wina aziti mzinda unayamba ndi malasha?

Ngakhale mbiri yolembedwa m'mabuku a kusukulu ikumutsutsa mnyamata ameneyu. Apwitikizi anakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo anapeza pali kale msika pamene amalonda ochokera kugombe la nyanja ankagula golide wa m'dziko la Mwenemutapa ndi minyanga ya njovu. Linga la São Tiago Maior likadalipo kwa aliyense wofuna kuliona. David Livingstone anafika pano mu 1856 ndipo anasiya pano Amakololo amene anayenda naye, ndipo Amakololo ena amene anayenda naye m'maulendo ake pambuyo pake anakakhala mafumu kuchigwa cha Shire ku Malawi. Tsiku la 21 March limene timavina chaka chilichonse ndi lokumbukira kuti mu 1959 Tete anakwezedwa kukhala mzinda. Malasha enieniwo, amene mukuwatamawo, ankakumbidwa ku Moatize m'nthawi ya atsamunda, njanji ya sitima inali itafika kale kumeneko, ndipo abale athu ena anatsikira pansi pa nthaka n'kusiya moyo wawo komweko, makampani akuluakulu a masiku ano asanayambe kutumiza malasha kunja mu 2011. Amati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mwakwera pa njovu ya malasha, miyendo yanu yauma, ndiye mwayamba kunyoza amene anakupumphunthirani mame.

Wina asandinamizire kuti ndikulira atsamunda. Sindikuwalira ngakhale pang'ono. M'masitolo ena a msewu womwewo munthu wakuda ankaima pambali kudikira kuti mzungu amene walowa pambuyo pake athandizidwe kaye. Sikelo zina zinali zakuba, ndipo mlimi wobwera ndi chimanga kapena mtedza ankadziwa kuti akumubera koma analibe kokadandaula. Bambo anga, munthu wa imvi ndi ana asanu, ndinawamva ndi makutu anga akuitanidwa kuti "rapaz", kutanthauza kamnyamata, ndi munthu wochepa kwa iwo, ndipo iwo anavula chipewa n'kuyankha. Zimenezonso zinachitikira pamakonde omwewa, ndipo n'chifukwa chake ndikukana kuti panalibe kanthu. Panali manyazi athu, panali kupirira kwathu. Mukafafaniza malowo n'kunena kuti panali thengo, mwana wa mawa adzadziwa bwanji chimene agogo ake anasangalalira pa 25 June 1975, tsiku limene Mozambique inalandira ufulu?

Zipupa zimenezo zinaonanso zimene zinatsatira. Eni masitolo ambiri anachoka, boma linatenga nyumba zalendi mu 1976, kunabwera masitolo a boma otchedwa Lojas do Povo, ndipo mashelefu amene ankasefukira ndi nsalu anayamba kuoneka matabwa okhaokha. Tinkaika mwala kapena chitini pamzere usiku kuti chitisungire malo, mawa lake n'kupeza kuti sopo watha tisanafike pakhomo. Mu 1980 escudo inachoka, metical inalowa, koma chogula ndi ndalamayo chinali chosowa, ndipo zambiri zinkapezeka mwa kandonga, malonda ozembetsa, basi. Bambo anga atasowa nsalu yosoka anabwerera kumudzi, ndipo nkhondo itafika poipa ananyamula mutu wa makina aja pamutu, atauzinga m'bulangeti ngati khanda, n'kuolokera nawo ku Dedza pamodzi ndi chinamtindi cha anthu othawa. Amene sanathawire ku Malawi ambiri anathawira mumzinda muno, ndipo mabanja athunthu ankagona pamakonde a masitolo otsekedwawo, uku magalimoto akuyenda mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali pakati pa malire a Zimbabwe ndi Zóbuè. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anayambiranso malonda ndi thebulo limodzi, mabotolo atatu a mafuta ophikira ndi mulu wa tomato, pamakonde omwewo. Mzinda umene makampani anaupeza uli chilili anauimika ndi anthu amenewa.

Ndikudziwa kuti malo akwera mtengo chibwerereni ndalama za kumigodi, ndipo mwini malo ali ndi ufulu womanga chimene akufuna. Sindikuletsa chitukuko, ndipo sindikunena kuti chipupa chilichonse chong'aluka chisungidwe. Chimene ndikukana n'kugwetsa mosafunsa, ngati munthu akuphwasula chulu. Aliyense wa anyamata amene ndinawaona aja anali ndi foni m'thumba, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zojambula nyumbayo isanagwe. Amajambula mbale ya chakudya, amajambula nsapato zatsopano n'kuika pa Facebook, koma nyumba imene yaima zaka zambirimbiri kuposa makolo awo akuigwetsa osaitenga ngakhale chithunzi chimodzi. Kodi kuitana nkhalamba ziwiri za m'deralo kuti zinene chimene chinali pamenepo, wina n'kulemba m'kope, kumafuna ndalama zingati? Kodi kusunga chitseko chimodzi chokha, cha matabwa olimba amene lero simungawapeze, n'kuchiika polowera m'nyumba yatsopanoyo, kungachedwetse ntchito masiku angati? Zitseko zija ndikudziwa kuti zikathera pamoto wootchera nyama ya mbuzi.

Ndipo ife akuluakulu tisadzichotsemo. Timakhala pansi pa mtengo kukambirana tokhatokha za kale, mwana akayandikira timamutuma madzi. Tinasiya ana athu akule akuganiza kuti mbiri ndi mayina a anthu otchuka olembedwa pazikwangwani za misewu basi, osadziwa kuti telala, wophika buledi ndi mayi wogulitsa masau nawonso ndi mbiri. Mnyamata uja sanabadwe ndi mawu amenewo. Alipo amene anayenera kumuuza koma anakhala chete, ndipo mwina agogo ake enieni anamwapo madzi pakhonde la bambo anga tsiku limene anafika mumzinda alibe ndi khobidi lomwe. Koma kusadziwa si chilolezo cha mwano. Wosadziwa amafunsa. Akanati, "Pepani bambo, ine sindikudziwa, tandiuzani," ndikanakhala naye pansi pomwepo mpaka dzuwa kulowa.

Mdzukulu wanga anandigwira dzanja n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Agogo, nanga khonde lija lili pati?" Ndinamulozera pamene panaima lole. Iye anawerama pampata wa malata paja n'kutola kachidutswa ka simenti yofiira ya pansi, yosalala mbali imodzi chifukwa cha mapazi a anthu ndi polishi, n'kukaika m'thumba la kabudula. Sindinathe kumuuza kanthu kena kalikonse mpaka tinafika pokwerera shapa.

Ndipo pamene ndafika pa nkhani ya makonde, tandiuzani inu omanga nyumba za masiku ano: munaona kuti mumzinda wotentha ngati Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya October ndi November, munthu akumanga sitolo ya magalasi okhaokha yopanda khonde? Akale aja, ndi zoipa zawo zonse, ankadziwa kuti wodutsa m'njira amafuna mthunzi. Lero mitengo mwadula, makonde mwagwetsa, ndipo kamthunzi kakang'ono kamene katsala pakhomo mwaikapo mlonda woti azithamangitsa anthu. Tsiku lomwelo ndinaona mayi wachikulire, mtolo uli pamutu, mwana wa mwana wake ali kumsana, akuuzidwa kuti achoke pakhomo la sitolo chifukwa sakugula kanthu, ndipo anakaima padzuwa la 1 koloko masana, phula likusungunuka kumapazi kwake.