Nanga za akapolo mwazisiyiranji?

A mtolankhani, mwati South Carolina, chimodzi mwa zigawo zakumwera za dziko la America, inakana msonkho wa katundu wochokera kunja mu 1832 pofuna kuteteza ufulu wa zigawo. Komatu mwadumpha pofunika. John C. Calhoun, wandale wa ku South Carolina yemwe ankatsogolera zokana msonkhowo, iye yemweyo mu 1816 ankaikira kumbuyo msonkho wotere. Ndiye chinasintha n'chiyani? Thonje. Eni minda ankagulitsa ku Britain thonje lolimidwa ndi akapolo, ndipo msonkho wa 1828 unawakwezera mitengo ya nsalu ndi zitsulo. Koma mantha aakulu anali akuti boma la ku Washington likazolowera kuwalamula pa msonkho, mawa lidzakhudza ukapolo. Izi n'zosayenera kubisa. Anzanga owerenga, dziwaninso kuti Andrew Jackson, pulezidenti wa America pa nthawiyo, ataopseza zotumiza asilikali, palibe chigawo china chakumwera chimene chinatsatira South Carolina pokana lamulolo.