Tayabak ali pandalama, koma kumapiri akutha

Ku Philippines kuli chomera choyanga chotchedwa tayabak. Ndi chabanja limodzi ndi nyemba komanso chitedze chathu chija, koma ichi sichiyabwa, n'chokongola mochititsa kaso. Chimakwera mitengo ikuluikulu m'nkhalango zonyowa za m'mapiri, makamaka m'mphepete mwa mitsinje pazilumba za Luzon ndi Mindoro. Maluwa ake amalendewera mumkoko wautali, nthawi zina kuposa msinkhu wa munthu, ndipo lililonse n'lopindika ngati chikhadabo cha kabawi. Mtundu wake ndi wapakati pa kubiriwira ndi buluu, moti ukangoona chithunzi umayamba kukayikira kuti mwina wina wapaka penti.

Anthu akumeneko amamunyadira tayabak mpaka anamuika pandalama yawo yachitsulo ya 5 piso. M'minda ya maluwa ku Hawaii ndi m'nyumba zagalasi ku Ulaya aliko wambiri. Ndiye ena amati palibe chodandaulitsa, sangathe.

Ine apa ndiye ndimakana.

Kuti tayabak abereke, amadalira mileme. Mleme umabwera usiku, n'kulendewera chadodolido pamaluwapo kuti umwe timadzi totsekemera. Kulemera kwake kumatsegula duwa, mungu n'kumatirira kumutu kwake, ndipo ukafika paduwa lina umausiya pamenepo. Popanda mleme, maluwa amangothothoka osasiya mbewu. Ku Kew Gardens ku London chomerachi chinakhala zaka chikungochita maluwa basi, mpaka mu 1995 pamene akatswiri anatengera zochita za mleme ndi manja awo, m'pamene chinabala zipatso. Tangoganizani, anthu ophunzira kwambiri kugwira ganyu ya mleme!

Ndiye mukamati mwamupulumutsa chifukwa ali mumphika kuseri kwa galasi, mwapulumutsa chiyani? Tayabak wambiri yemwe ali m'mindamo anthu anachita kudula nthambi n'kubzala, ndiye kuti ndi chomera chimodzimodzi chongochulukitsidwa. Kwawo kumapiri, odula matabwa ndi otsegula minda akagwetsa mtengo, tayabak amagwera limodzi chifukwa alibe poyanga, mileme nayo imasamuka.

Zikundikumbutsa mkungudza wa ku Mulanje. Mbande zili mbwee m'manazale, koma kwerani phirilo mukawerenge mitengo ikuluikulu yomwe yatsala chilili.

Ndalama zoteteza tayabak, kwa ine, ziyambe zapita kwa alonda a nkhalango ngati ya phiri la Makiling ku Luzon ndi kumidzi yozungulira, kumene anthu amadula mitengo chifukwa cha njala. Nyumba zagalasi zidikire kaye.